Kilachi ya Mkamwini

Anandisudzula Loweruka m'mawa, pakhonde la nyumba imene ndinamanga ndi manja angawa. Akazi anga anali atamwalira mvula ili pakati, ndipo achibale awo anadikira mpaka anthu atakolola. Mwini mbumba anali alamu anga, mchimwene wawo wa malemuwo, msodzi wa mapewa otambalala, choncho mawu anali awo. Anayankhula bwino, sindinganame. Anati ndinasamala mlongo wawo mpaka tsiku lomaliza, anati mudzi ulibe nane mangawa, anati tsopano ndine womasuka kubwerera kwathu, ngakhale kukwatiranso ndikafuna. Amayi anawomba m'manja mofatsa. Ine ndinathokoza monga mwa mwambo, koma mumtima ndinkangofunsa kuti kwathu kwake nkuti.

Ndinabadwira kufupi ndi Chiponde. Makolo anga anatsogola kalekale, ndipo amene anatsalako ndi mwana wa mlongo wanga, wa kabaza wa njinga yamoto pa bodapo, yemwe anati kuseri kwa nyumba yake kuli kachipinda. Kunyanja ndinabwera ndili mnyamata kudzayendetsa galimoto pa hotela ina ya ku Makokola. Kumeneko ndinapeza mtsikana wochapa nsalu, wapakamwa pakuthwa, ndipo ndinamutsatira kwawo kufupi ndi Chembe kukakhala mkamwini. Tinabereka ana awiri. Wamwamuna ali ku Joni, wamkazi anakwatiwa ku Blantyre. Imvi zinandimerera m'mudzi umenewo, mpaka ndinaiwala kuti ndine wobwera. Anthu a m'mudzimo sanaiwale. Sindikuwada, mlendo ndi mame.

Palibe amene anandithamangitsa. Koma nyumba inali pa malo a mbumba, ndipo woti alowemo analipo kale: mwana wa mng'ono wawo wa akazi anga, amene ankapanikizana ndi mwamuna wake ndi ana m'kanyumba ka chipinda chimodzi. Mwanayo ndinamulera ndine, fizi yake ya ku sekondale inachokera m'galimoto yanga. Tsiku ndi tsiku ankandibweretsera chakudya, kugwada bwinobwino, "Bambo aakulu, madzi awa." Sanatchulepo za nyumba. Koma podzuka, maso ake ankayeza mawindo, ndipo ine ndinkawaona.

Galimoto yanga ndi folobayifolo yakale, ya utoto umene poyamba unali woyera. Ndinaigula hotela ija itaitaya, ndipo kwa zaka zambiri inkanyamula usipa ndi utaka wouma kuchoka padoko kupita ku msika wa ku Mangochi. Mchenga umene ma minibasi amauopa, iyo inkangodutsa ikung'ung'udza. Chichitikire maliro sindinaiyendetse. Inangokhala pansi pa mtengo wa nimu, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, ine ndilibe mtima wopita kulikonse.

Patapita masiku chisudzulireni, ndinati basi, ndiyambe kusamutsa katundu. Ndinakweza mabokosi a zipangizo, ndinalowa, ndinaponda kilachi. Chopondera chinangomira mpaka pansi ngati ndaponda papaya lowola, ndipo sichinabwerere. Ndinachikoka ndi dzanja, ndinapondanso. Chimodzimodzi. Ndinaliza injini ndi kuyesa giya yoyamba, ndipo kukukuta kumene kunamveka kunatulutsa amayi m'nyumba zoyandikana.

Dzuwa lisanafike pamutu, nkhani inali itafika kale pamatandala oyanikira nsomba. Mkamwini waipha dala galimoto. Mkamwini sakufuna kuchoka. Ena anati ayi, ndi malemu akukaniza. Zimenezi zinandipsetsa mtima koopsa, makamaka chifukwa chakuti theka lake linali loona. Kuchoka sindinkafuna. Koma ine kuwononga galimoto yanga? Ndikanasankha kudzithyola mwendo.

Ndinayamba monga ndimayambira nthawi zonse, kufunsa galimoto mafunso osavuta. Injini itazima, magiya onse ankalowa bwinobwino. Ndiye kuti giyabokosi inalibe mlandu. Mbale ya kilachi sindinaiganizire, chifukwa mbale ikamatha imachenjeza: injini imalira koma liwiro osaoneka, ndipo pachitunda umamva fungo la kupserera. Zimenezo kunalibe. Vuto linali pakati pa phazi ndi mbaleyo. Pa galimoto ngati yangayi, phazi silikoka chingwe. Limakankha kampope kamene kali kuseri kwa chopondera, amakaniko amati masita. Kameneko kamatumiza mafuta m'paipi kupita ku kampope kena kapansi, silevu, ndipo ndi kameneko kamene kamalekanitsa mbale. Mafuta akatha kapena mpweya ukalowa, phazi limangoponda mphepo.

Ndinkadziwa kuti silevu inkachucha pang'ono. Inayamba akazi anga akudwala, ndipo ine ndinkangowonjezera mafuta nkumati ndidzakonza akachira. Choncho potsegula boneti ndinkayembekeza kupeza kabotolo ka mafutawo katauma. Ndinakapeza kali tho, kodzaza mpaka pakhosi.

Chimene chinandiimitsa ndi chivindikiro. Labala wake wamkati anali atafufuma ngati mandasi, moti nditamutulutsa anakana kubwereramo. Ndinaviika chala m'mafutamo. Anali oterera mwachilendo, obiriwirako. Nditanunkhiza, ndinamva fungo limene aliyense wa kunyanja amalidziwa, la padoko maboti akamalizidwa. Munali oyilo wa injini ya boti.

Ndinakhala pansi pamchenga pomwepo. Malabala a m'kilachi amadziwana ndi mafuta a mabuleki okha. Ukawapatsa oyilo, sakwiya tsiku lomwelo. Amamwa pang'onopang'ono, amatupa, amafewa, kenako amaleka kugwira. Ndipo ndinadziwa tsiku limene oyiloyo analowa. Pa maliro ine sindinagwire chiwongolero. Makiyi anali ndi alamu anga, ndipo anapeza dalaivala wa pa loji ina kuti akatenge thupi kuchipatala, akatenge bokosi, nkhuni, matumba a ufa. Wina anaona kuti kabotolo kauma. Ndipo pamudzi wa asodzi, pa tsiku la maliro, botolo limene lili pafupi ndi la boti. Oyilo ndi oyilo, si choncho?

Ndinanyamuka kuti ndikawalalatire alamuwo. Ndinali nditakonza kale mawu, ndipo ena anali a Chiyao, amene ndimasungira masiku apadera. Ndinafika mpaka pamene ndinkawaona ali chikhalire kusoka chilimira, ukonde wawo waukulu uja. Kenako ndinakumbukira kuti ndi oyilo yemweyo amene anabweretsa akazi anga kunyumba. Ndinatembenuka, ndinabwerera ku galimoto yanga.

Ndinamasula masita, ndinamasula silevu, ndinachotsanso kapaipi kalabala kapansi kamene kanali katafewa ngati thumbo la nkhuku. Nditaphwasula timipopeto, malabala onse anali otupa, ena akunyenyeka m'manja. Zitsulo zake zinali bwino, zosakandika mkati. Ndinazitsuka ndi sipiriti, ndinapemerera paipi yachitsulo ndi pampu ya njinga mpaka oyilo yense atatuluka, ndinayanika zonse pa nyuzipepala pakhonde. Ntchito imeneyi ndinaigwira mosamala kuposa mmene inkafunikira. Pakhomo panali zii. Kale ndikamagwira zotere ndinkamva mawu kuchokera kukhitchini akuti ndisapukutire manja pa nsalu ya patebulo. Tsiku limenelo ndinapukutira pomwepo, ndipo palibe anandikalipira. Zinandiwawa kwambiri.

Lachisanu ndinakwera matola kupita ku Mangochi, malabala akale ali m'thumba la shuga. Wogulitsa masipeyala amene ndimagulako ndi Msilamu wachikulire, mnzanga wa zaka zambiri, yemwe shopu yake ndi yodzaza moti iye mwini amalowamo cham'mbali.

"Ajimwiche uli, achimwene?" anandilonjera m'Chiyao. "Pole, pepani, ndinamva za kunyumba. Mulungu ndiye mwini."

Ndinamuyalira malabala aja pa kauntala. Ananyamula mmodzi, ananunkhiza, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wallahi, galimotoyi mukufuna izipha usipa?"

"Si ine. Ndi azilamu."

"Eee, ukamwini." Anapukusa mutu akufufuza m'makatoni. Anandipatsa malabala atsopano, kapaipi, ndi botolo la mafuta a mabuleki. "Nanga wokupoperani muli naye?"

"Ndipeza," ndinatero.

Nthawi ya mapemphero a Juma inali itakwana, ndipo anayamba kutseka mawindo.

Kubwezeretsa zonse sikunavute. Chovuta ndi chimene chimatsatira. Ukamanga kilachi yotere, m'paipi mumakhala mpweya, ndipo kuti uutulutse, kumene timati kubulida, pamafunika anthu awiri. Wina amakhala pampando kupopa chopondera ndi kuchigwira pansi. Wina amagona kunsi kwa galimoto ndi sipanala, kutsegula kanati ka pa silevu kuti mafuta atuluke ndi thovu, nkutseka msanga mnzakeyo asanachotse phazi. Mumabwereza mpaka thovu litatha. Simuonana. Mumangomverana mawu kudzera m'chitsulo cha pansi.

Moyo wanga wonse wa m'mudzi umenewo, wopopa anali akazi anga. Galimoto sankadziwa kuyendetsa, ndipo sankafuna nkomwe, koma kilachi ndi mabuleki ankazidziwa ndi phazi. Ankavula patapata, kukwinya chitenje, nkukhala pampandopo ngati a bwana. Ndikati "Gwirani!" ankayankha kuti, "Ndagwira, a injiniya." Ndipo poti ine ndili chagada, sindingathawe, ndi pamene ankandiuza nkhani zimene ankadziwa kuti ndikhoza kukwiya nazo. Zoti mwana wathu wamwamuna wapanga kale pasipoti ndinazimvera kunsi kwa galimoto. Zoti kukubwera ankhoswe kudzafunsira wamkazi, kunsi komweko. Ndinkatuluka mkwiyo utathera pa sipanala.

Ndinayamba kufunafuna phazi. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani yaing'ono, popeza kupopa aliyense angathe. Woyamba ndinapempha mwamuna wa mwana uja woti alowe m'nyumba. Anayang'ana pansi, nati, "Pepani bambo, alovi, asodzi anzanga, akundidikira kudoko." Kudoko kunalibe munthu, mphepo yamphamvu ya mwera inali ikuwomba. Ndinapempha mphunzitsi woyandikana nane, mnzanga wa bawo. Anati bondo likumuvuta, komabe madzulo ake ndinamuona akupalasa njinga. Ndinapempha wa golosale, ndinapempha mkulu wa mpingo. Aliyense anali ndi chifukwa, ndipo aliyense anandikana mwaulemu waukulu.

Zinanditengera nthawi kuti ndimvetse. Mudzi wonse unkadziwa kuti galimoto ikadzuka, ine ndikupita. Ndiye ndani akanafuna kuti mawa pamatandala azidzanena kuti uje ndi amene anapondera mkamwini kuti achoke? Omwewo amene ankati ndaipha dala, tsopano palibe ankafuna kuidzutsa. Amayi mpaka analetsa ana awo kuyandikira pa nimu paja. Ankandilemekeza, inde. Koma ulemu umenewo unandisiya ndekha kuposa mmene chipongwe chikanandisiyira.

Ndinati chabwino, ndichita ndekha. Ndinatenga nkhafi yakale yopalasira bwato, ndinaidula muyeso. Ndinkapopa ndi dzanja, kukanikiza chopondera pansi, kuchirikiza nkhafiyo pakati pa chopondera ndi mpando, kutsika, kukwawira kunsi, kutsegula kanati, kutseka, kukwawa kutuluka, kukweranso. Pa msinkhu wanga mawondo sakonda masewera otere. Nthawi zina ndikangofika kunsi, ndinkamva nkhafi ija ikuterereka, phaa, chopondera nkubwerera kanati kali kotsegula, mpweya wonse umene ndinatulutsa nkuyamwidwanso. Ndinatukwana nkhafi, ndinatukwana mpando, ndinatukwana amene anapanga galimotoyo kwawo kutaliko. Kamodzi ndinadzimva ndikufuula kuti "Gwirani!" Ndinadikira yankho. Kenako ndinangogona pamenepo, mchenga uli m'makutu, ndikuyang'ana dzimbiri la pansi pa galimoto. Ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi. Anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma sananene kuti chalacho chimamva bwanji.

M'mawa mwake ndili kunsi komweko, ndinaona mapazi awiri aakulu, ong'aluka zidendene, ataima pafupi ndi tayala.

"Alamu, mwasanduka ng'ona kodi? Tsiku lonse kukwawa mumchenga."

"Ng'ona ili ndi anzake m'madzi," ndinayankha. Ndinatuluka, ndinakhala tsonga. "Oyilo uja munathira ndinu?"

"Ndine." Sanazengereze. "Dalaivala anati kabotolo kauma, bokosi likudikira. Ndikanatani? Si injini ya boti imayenda naye bwinobwino?"

"Ndiye mukanaikankhira m'madzi galimotoyo, muone ngati iyandama."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anayang'ana nkhafi yodulidwa ija, anayang'ana mawondo anga.

"Ndamva kuti mukusowa phazi," anatero. "Mawu okusudzulani aja ndinayankhula ndine. Ndiye phazi likhalenso langa, ena asasenze mlandu. Ndiuzeni pamene ndiponde."

Alamu anga anali asanakhalepo kumbali ya chiwongolero chibadwire. Anakwera ngati akulowa mu ofesi ya boma, anapukuta mapazi, anagwira chiwongolero ndi manja awiri ngakhale injini inali yozima. Ndinawasonyeza chopondera cha kumanzere. Ndinawauza kuti akachotsa phazi ndisananene, ndiwathira oyilo wa boti mu tiyi. Ndinadzaza kabotolo ka pamwamba, ndinakwawira kunsi, ndinalumikiza kapaipi kowonekera mkati pa kanati kaja, nsonga yake m'botolo lopanda kanthu.

"Popani!"

Ndinamva chopondera chikugunda pansi mwamphamvu, ngati akusinja.

"Pang'onopang'ono, alamu, si mtondo umenewo! Gwirani!"

"Ndagwira."

Ndinatsegula. Mafuta anatuluka ndi thovu lambiri, akulavula. Ndinatseka.

"Siyani. Popaninso."

Tinapitiriza chomwecho. Mawu awo ankabwera okhuthala kudzera m'chitsulo, ndipo nkhani analibe, ankangoti ndagwira, ndasiya. Ndinkatuluka kukawonjezera mafuta pamwamba, nkubwereranso. Thovu linayamba kuchepa, linasanduka timadontho, kenako linatheratu. Mafuta ankayenda oyera, osadukiza. Ndinayang'ana kandodo ka silevu pamene ankaponda, ndipo kankatuluka mokwanira, kukankha foloko yolekanitsa mbale mpaka kumapeto. Ntchito inali itatha.

"Yalimba?" ndinafunsa.

Ndinamva akupondanso kawiri.

"Ayi, alamu. Ikadali wedewede."

Ndinadabwa. Ndinayang'ananso kandodo kaja, ndinafufuza ngati pali pochucha. Panalibe. Komabe wopopa ndiye amamva, choncho tinabwereza. Mafuta oyera okhaokha.

"Nanga pano?"

"Sinalimbe. Mwina mpweya wabisala penapake. Tiyeni tipitirize."

Apo ndi pamene ndinazindikira. Ndinali ndi sipanala m'manja, ndikuona ndi maso anga kuti kilachi ili bwino, ndipo pamwamba panga panali bambo wamkulu, mwini mbumba, akundinamiza. Ndikanatha kuwauza kuti ndaona. Sindinawauze. Ndinati, "Popani," iwo anapopa. Ndinati, "Gwirani," iwo anagwira. Tinataya mafuta abwinobwino m'botolo muja, madoda awiri a imvi, wina pamwamba wina pansi, dzuwa likukwera, palibe woyankhula china. Sindikudziwa kuti amene ankadutsa ankaganiza chiyani.

Botolo linatha. Ndinaligwedeza pa kabotolo kaja mpaka dontho lomaliza, ndinabwezera chivindikiro.

"Mafuta atha, alamu. Tsikani ndiyese."

Anatsika mochedwa. Ndinakhala pampando, ndinaponda. Chopondera chinandikankha phazi, cholimba bwino ngati cha galimoto yatsopano. Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana nkhuku.

"Ine ndine msodzi," anatero. "Za kulimba kwa kilachi ndingazidziwire kuti?"

Ndinaliza injini, ndinaponda, ndinakankha giya yoyamba. Inalowa mwakachetechete. Sindinayambe ndadanapo ndi ntchito ya manja anga ngati tsiku limenelo.

Ndinanyamuka patapita masiku owerengeka. Katundu wa mkamwini sachuluka: zipangizo, zovala, matiresi, wailesi, mpando umodzi. Mwana uja anagwada pafupi ndi chitseko cha galimoto akulira, ndipo ndinamuuza kuti loko wa kuchipinda amafuna kumukweza pang'ono potsegula. Mphunzitsi anabwera, bondo lake litachira. Amayi anaima m'mphepete mwa njira. Alamu anga sanaoneke. Anthu anati alawirira kunyanja, ngakhale kuti mwera unali usanaleke ndipo maboti ena onse anali pamtunda.

Msewu wochoka ku Chembe umayamba ndi chitunda chokhotakhota, ndipo ngati kilachi ili ndi chinyengo, pamenepo ndi pamene imaululira. Ndinazimitsa wailesi, ndinatsitsa galasi, ndinatchera khutu. Ndinkasintha magiya ngakhale pamene sipankafunika. Ndinkati mwina labala wina sanakhale bwino, mwina kanati sindinamange, mwina phazi limira ndikadali pafupi poti munthu akhoza kundikokera kubwerera. Ndinamvetsera mpaka ku Mangochi, ndinawoloka mlatho, ndinamvetserabe pokwera mapiri a ku Namwera, phazi lili pa chopondera kudikira kuti chifewe. Mpaka ndinafika pa Chiponde, kilachi sinalakwitse ngakhale kamodzi.